Mafizo ndi gule pa matenda a m'matumbo okhalitsa ndi mavuto a pansi pa chiuno: mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Kasungu

Mavuto a chimbudzi ndi mkodzo anthu amayenda nawo mwakachetechete. Mayi amangosiya kupita ku chimtali osanena chifukwa. Bambo amakana ulendo wa ku Lilongwe poopa kuti m'mimba muwatembenukira minibasi isanafike pa Mponela. Wina kutchalitchi amakhala pafupi ndi khomo kuti atuluke msanga. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho mafunso amene amafika kawirikawiri kwa anthu a mafizo tawayankha pano mosapsatira mawu.

Kodi minofu ya pansi pa chiuno ndi iti?

Mafupa a m'chiuno anapangika ngati dengu lobooka pansi. Chotseka pansipo ndi minofu yoyalidwa kuchokera pa fupa la pachinena kukafika pa kafupa kotsiriza ka msana, ndiponso kuchokera pa fupa limodzi lokhalira kukafika pa linzake. Pamwamba pa minofuyi patsamira chikhodzodzo, thumbo lomalizira limene limasunga chimbudzi, ndi chiberekero kwa amayi. Njira zotulukira zimadutsa momwemo, zitatu kwa amayi, ziwiri kwa abambo.

Pali mnofu umodzi wofunika kuudziwa bwino. Umakola thumbo lomaliziralo kumbuyo ngati legeni, n'kulikokera kutsogolo mpaka lipindike, monga mmene mumapindira paipi yothirira dimba kuti madzi aime. Mukanjuta, mnofuwu umamasuka, thumbo limawongoka, chimbudzi chimadutsa. Pakhomo penipeni potulukira chimbudzi pali timikombero tiwiri ta minofu. Kam'kati kamatseka kokha usana ndi usiku. Kakunja ndi kamene inu mumakalamula mukafuna kudziletsa kuphwisa pagulu.

Ntchito ya minofuyi ili pawiri: kugwira nthawi yogwira, kumasuka nthawi yomasuka. Anthu ambiri anangomva za kugwira kokha, n'chifukwa chake ena amadzipweteka ndi mafizo osawayenera.

Chimaifooketsa n'chiyani?

Choyamba ndi uchembere: kubereka pafupipafupi, kuchedwa kuchira matenda atayamba, mwana wamkulu, kung'ambika kofika kotulukira chimbudzi. Kenaka katundu. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, thumba la feteleza ndi makilogalamu 50, ndipo aliyense wa ntchito ya fodya amadziwa mmene belo limachimitsira polichotsa pa jeke. Nthawi iliyonse mukatsekereza mpweya n'kuchima, mphamvu yonse ya m'mimba imakankhira pansi pa dengu paja. Chifuwa chosatha, kudzimbidwa kwa zaka, kunenepa kwambiri, kusiya kusamba kwa amayi ndi opaleshoni ya prostate (kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo) kwa abambo zimawonjezera. Kutsegula m'mimba kosatha nako kumatopetsa minofuyi, pakuti chimbudzi chamadzi n'chovuta kusunga ngakhale kwa munthu wa minofu yamphamvu.

Mukati matenda a m'matumbo okhalitsa mukunena ati? Mafizo amawachiza?

Sawachiza, ndipo pamenepa tisanamizane. Mafizo ndi gule zimathandiza kudziletsa, kuchepetsa ululu, kubwezera mphamvu m'thupi ndi kuyendetsa matumbo, koma sizipoletsa zilonda za m'thumbo ndipo sizipha tizilombo.

Ofala kwathu kuno ndi matenda a tizilombo: likodzo la m'matumbo lotengedwa m'madambo ndi m'madamu, amoeba ndi giardia za m'madzi akumwa, TB ya m'mimba, ndi kutsegula m'mimba kobwera chitetezo chikatsika ndi HIV. Awa ali ndi mankhwala ake: praziquantel pa likodzo, metronidazole pa amoeba ndi giardia, mankhwala a TB, ma ARV. Wovina ndi likodzo m'mimba adzavina chaka chonse magazi akuthabe.

Ena ndi a kutupa kwa matumbo kumene chitetezo cha thupi chimatembenukira mwini wake. Ulcerative colitis imagwira thumbo lalikulu kuyambira kumapeto kwake, ndipo chimbudzi chimatuluka ndi magazi ndi zonanda. Matenda a Crohn, amene anatenga dzina la dokotala wa ku New York, Burrill Crohn, yemwe ndi anzake anawafotokoza mu 1932, angagwire paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kotulukira chimbudzi. Onse awiri amayaka n'kuzirala, n'kudzayakanso, ndipo amagonekedwa ndi mankhwala monga sulfasalazine ndi prednisolone. Dziwani kuti TB ya m'mimba imafanana kwambiri ndi Crohn, ndipo kumwa prednisolone TB isanafufuzidwe n'koopsa chifukwa mankhwalawa amatsitsa chitetezo. Musagule nokha pa famase.

Palinso amene madokotala amati IBS. M'mimba mumapota, mumafufuma, lero kudzimbidwa mawa kutsegula, koma zoyeza zonse zimatuluka bwino chifukwa thumbo lilibe zilonda, limangomva msanga chilichonse, ngakhale nkhawa. Apa ndi pamene kuyenda, kuvina ndi kupuma bwino zimaonetsa phindu loonekeratu.

Aliyense wotsegula m'mimba kupitirira milungu 2 ayambe wayezetsa chimbudzi, magazi ndi HIV, mafizo abwere pambuyo.

Ndingadziwe bwanji ngati minofu yanga yafooka kapena yakungika?

Funso ili ndi limene limatsogolera zonse. Ng'oma yolefuka siilira, yokungika mopitiriza nayo imang'ambika.

Yofooka imadziwika ndi mkodzo wodontha pokhosomola, poyetsemula, poseka kapena podumpha, mpweya wotuluka wokha, chovala cham'kati chodetsedwa ndi chimbudzi, ndi kulemera kwa kumusi ngati chinthu chikutsika m'njira yoberekera, makamaka madzulo mutagwira ntchito tsiku lonse.

Yokungika imadziwika ndi ululu pokhala malo amodzi ndi akunyumba kwanu, ululu wa pachinena kapena wa pa kafupa ka msana mukakhala pa mpando, kuchima nthawi yaitali chimbudzi chili chofewa, kumva ngati sichinathe, ndi mkodzo wochedwa kuyamba. Anthu a matenda a m'matumbo ambiri ali m'gulu ili, chifukwa atha zaka akufinya poopa ngozi panjira. Chosokoneza n'chakuti minofu yokungika nayo imadonthetsa. Dzanja limene lafumbata kuyambira m'mawa silingagwirenso khasu mwamphamvu madzulo.

Kunyumba mungayese chonchi. Sambani m'manja, tsamirani pa pilo, ikani galasi pakati pa miyendo, finyani. Malo a pakati pa maliseche ndi kotulukira chimbudzi ayenera kulowa m'kati. Akatukumukira kunja, mukuchima m'malo mofinya. Akalowa koma osabwerera mukamasula, kapena pakapweteka mukadina ndi chala, ndiye kukungika, ndipo musayambe zofinya.

Kufinyako kumachitika bwanji?

Njirayi anailemba ndi dokotala wa amayi wa ku America, Arnold Kegel, mu 1948, n'chifukwa chake ena amati ma Kegel.

Yambani mwataya madzi. Gonani chagada pa mphasa, mawondo opinda, mapazi pansi motalikirana pang'ono. Pumani bwinobwino kangapo. Potulutsa mpweya, tsekani kumbuyo ngati mukuletsa kuphwisa, kenaka kutsogolo ngati mukuletsa mkodzo, n'kukokera zonse m'kati cholozera ku mchombo. Abambo amaona chida chikubwerera pang'ono m'kati ndi machende akukwera. Gwirani mukuwerenga mokweza mpaka 3. Kuwerenga mokwezako kuli ndi ntchito: munthu sangawerenge atatsekereza mpweya. Masulani kotheratu mpaka mumve kuti zatsika, mupumule masekondi 5, n'kubwereza. Chitani ka 8 kapena ka 10. Mukatha, chitani zachangu 10, kufinya n'kumasula, kufinya n'kumasula, sekondi imodzi imodzi. Zogwira nthawi yaitali zimakuthandizani kukafika kuchimbudzi, zachangu zimakupulumutsani poyetsemula.

Izi zichitike katatu pa tsiku. Mlungu uliwonse onjezerani sekondi imodzi mpaka muzigwira masekondi 10 ka 10. Mukamakwanitsa chogona, pitani pa mpando, kenaka choimirira, kenaka mukuyenda, pakuti ngozi sizichitika munthu atagona. Kuti musaiwale, mangirirani ku zinthu za tsiku ndi tsiku: podikira madzi a tiyi kuti awire, pa mzere wa pa mjigo, musanagone.

Pa mkodzo wodontha, perekani miyezi 3 yathunthu musanaweruze. Pa chiberekero chimene changoyamba kutsika, milungu 16. Ambiri amayamba kuona kusintha pakati pa milungu 6 ndi 8. Zikakhala bwino musasiyiretu, muzichita kamodzi pa tsiku, chifukwa mnofu wosiyidwa umabwerera m'mbuyo.

Ndakhala ndikuchita koma palibe chasintha. Ndikulakwitsa pati?

Cholakwika chachikulu ndi kuchima m'malo mokokera m'kati, ndipo uku kumawonjezera vuto. Chachiwiri ndi kufinya matako, kupanikiza ntchafu kapena kukoka mimba yonse. Ikani dzanja limodzi pa thako, lina pamwamba pa mchombo: zonse zikhale zofewa. Ena amachita 100 tsiku limodzi n'kupuma mlungu wonse, pamene mnofu umakula ndi zochepa za tsiku lililonse. Ena samasula mokwanira pakati, choncho amasandutsa minofu yofooka kukhala yokungika.

Palinso malangizo ofala akuti muziimitsa mkodzo pakati pokodza. Musawatenge ngati mafizo. Amasokoneza chikhodzodzo, mkodzo umatsalira, ndipo wotsalirawo umaitana matenda a m'njira ya mkodzo.

Ngati simukumva kalikonse mukafinya, mwina mitsempha inavulala pobereka kapena mkombero uja unang'ambika osasokedwa bwino. Zimenezo zimafuna kuonedwa ndi a chipatala.

Nanga wa minofu yokungika achite chiyani?

Aphunzire kumasula, ndipo chida chake ndi mpweya. Gonani chagada, miyendo pa mpando kapena pilo pansi pa mawondo, dzanja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ndi nthiti za m'munsi zitukumuke, mapewa asakwere. Pamene mpweya ukulowa, pansi pa chiuno pamatsika pokha, ndipo ntchito yanu ndi kungopalola. Tulutsani ndi pakamwa mpaka 6, nsagwada zili zomasuka. Mphindi 5 mpaka 10, kawiri pa tsiku.

Onjezerani kakhalidwe kawiri. Gwadani, tayanitsani mawondo, khalirani zidendene, gonekani chipumi pa mphasa, mupume momwemo mphindi 2. Kenaka njutani mutagwira mtengo kapena mwendo wa bedi, zidendene pansi, kwa mphindi imodzi. Nsalu yoviika m'madzi ofunda yoika pachinena imathandizanso. Zofinya zidzabwere ululu ukatha.

Chimbudzi chimandipeza mwadzidzidzi, sindifika. Pali chochita?

Chilipo. Chimbudzi chikagogoda mwamphamvu, munthu amathamanga, koma kuthamanga ndi mantha zimafulumizitsa thumbo. Imani pomwepo kapena khalani pa chinthu cholimba, finyani ndi theka la mphamvu zanu, pumani pang'onopang'ono. Kufinya ndi mphamvu zonse kumatha m'masekondi ochepa, pamene kwa theka kumakhalitsa. Funde lija likadutsa, yendani bwinobwino.

Thumbo limaphunzitsika. Yambirani m'chimbudzi momwemo, pomwe palibe choopa: mwafika, mwavula, dikirani mphindi imodzi musanamasule. Masiku akamapita fikani pa mphindi 5. Kenaka muzidikira muli pakhomo pa chimbudzi, kenaka pakhonde. Zimatenga milungu, ndipo musazichite masiku amene matenda ayaka.

Pamodzi ndi izi, chimbudzi chilimbitsidwe: nthochi zakupsa, mpunga, phala la ufa woyera, mbatata yosenda. Mankhwala oletsa kutsegula m'mimba a loperamide amathandiza ena, koma samwedwa pamene muli magazi m'chimbudzi kapena thupi latentha, ndipo wa matenda a kutupa kwa matumbo ayambe wafunsa adokotala. Khungu lakumusi lizitsukidwa ndi madzi okha, kupukuta modinadina osati mokhula, n'kupaka Vaseline kapena mafuta a zinc oxide kuti lisanyuke.

Ine langa ndi kudzimbidwa. Ndimakhala m'chimbudzi mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Matumbo amadzuka munthu akadya, makamaka m'mawa. Imwani chofunda, idyani phala, pakatha mphindi 20 kapena 30 pitani kuchimbudzi, nthawi yomweyo tsiku lililonse. Chimbudzi chathu chokumba chili ndi ubwino wake, chifukwa kunjuta kumawongola thumbo. Wogwiritsa chokhalira aike mapazi pa njerwa kuti mawondo akwere kuposa chiuno, aweramire kutsogolo, zigongono pa mawondo. Agogo a mawondo opweteka apangiridwe mpando wobooka pakati, ndi njerwa zomwezo kumapazi.

Musatsekereze mpweya. Tukumulani m'mbali mwa mimba, tulutsani mpweya pang'onopang'ono ngati mukukoleza moto, kumusi kuli komasuka. Pakatha mphindi 5 osatuluka kanthu, nyamukani, mudzabwerenso. Kukakamira ndiko kumatulutsa mudzi ndi kutsitsa chiberekero.

Kusisita mimba kumatsata njira ya thumbo lalikulu. Mwagona chagada, mwapaka mafuta pang'ono m'manja, yambani m'munsi kudzanja lamanja, kwerani mpaka pansi pa nthiti, dutsani pamwamba pa mchombo kupita kumanzere, tsikani mpaka pachinena. Mphindi 10, modina koma mosapweteka. Woyembekezera, wa bala la opaleshoni losapola, wa chotupa cha pamimba ndi amene matenda ayaka asachite izi. Madzi akhale malita 1.5 mpaka 2 pa tsiku, chakudya chikhale nsima ya mgaiwa, therere, nkhwani, bonongwe, papaya ndi mango. Masamba onjezerani pang'onopang'ono, chifukwa mukachulutsa tsiku limodzi popanda madzi okwanira mimba imafufuma.

Gule akulowa pati pa zonsezi?

Chimene chimalimbitsa minofu ya pansi pa chiuno mwachindunji ndi kufinya kuja. Gule amagwira ntchito zimene kufinya sikungathe. Thupi likamayenda, matumbo nawo amayenda, mpweya wa m'mimba umatuluka, kudzimbidwa kumachepa. Kuvina choimirira kumasunga mphamvu ya mafupa, zomwe n'zofunika kwa womwa prednisolone nthawi yaitali, pakuti mankhwalawa amafewetsa mafupa ndi kuwondetsa minofu ya m'ntchafu. Kuimba kumakakamiza munthu kupuma mozama, ndipo kupuma kotero kumakweza ndi kutsitsa pansi pa chiuno. Nkhawa ikatsika, thumbo lomva msanga lija limadekha. Ndipo pali china chimene ife timachiona kuti n'chachikulu: matendawa amatsekera munthu m'nyumba, pamene bwalo limamubweza pakati pa anzake.

Ndivine gule uti, kwa nthawi yaitali bwanji?

Muyezo wake ndi mapazi. Gule amene phazi limodzi limakhala pansi nthawi zonse ndi woyambira wabwino. Chimtali ndi chotero: mawondo opinda pang'ono, masitepe aafupi mozungulira bwalo, chiuno chikuyenda. Masitepe a kwaya nawo ndi ofatsa. Mganda uli ndi magawo: kuguba koyamba ndi kwabwino, koma pofika potembenuka mwachangu, kuwerama ndi kudumpha, wa mkodzo wodontha apondeponde pamalo kufikira minofu italimba. Woimba badza akumbuke kuti kuuzira mwamphamvu uku akuvina kumakankhiranso pansi. Ingoma, ndi kumenya phazi pansi kwake, ikhale yomalizira, miyezi 3 ya kufinya itadutsa ndipo mukutha kudumpha pamalo ka 10 popanda kudontha kapena kulemera kumusi.

Yambani ndi mphindi 10, masiku atatu pa mlungu, ngakhale m'nyumba ndi wailesi. Mlungu uliwonse onjezerani mphindi 5 mpaka mufike pa mphindi 30, masiku asanu. Zimenezo ndi mphindi 150 pa mlungu, muyezo umene bungwe la WHO limalangiza akuluakulu. Poyamba, ngati mukutha kuvomera nyimbo, liwiro lili bwino. Mukalephera ngakhale kulankhula, chepetsani.

Wa minofu yofooka angaike kufinya m'gule: kugwira pang'ono ng'oma ikalira kanayi, kumasula kanayi, kwa nyimbo imodzi yokha, zotsalazo avine momasuka. Wa minofu yokungika asafinye konse, angodikula pang'onopang'ono, mimba ili yofewa. Chitenje cha m'chiuno chimangidwe pa mafupa, osati pamimba mothina, chifukwa chothina chimakankhira zam'kati pansi.

Ngati tsiku lotsatira mwatopa kuposa kale, mukudontha kwambiri kapena kumusi kukulemera, mwapitiriza. Bwererani pa mphindi za mlungu wapitawo.

Ndimadziwa kudikula kuyambira utsikana. Si zomwezo?

Ayi. Kudikula kumagwiritsa minofu ya msana, ya mimba ndi ya m'ntchafu. Katswiri wodikula angathe kumadontha mkodzo. Ubwino wake n'kuti wodikula amalidziwa thupi lake, choncho amaphunzira kufinya msanga.

Masiku amene matenda ayaka ndichite chiyani?

Mukamatsegula kambirimbiri, ndi magazi, kutentha thupi kapena ululu waukulu, gule aime ndipo mukaonane ndi adokotala. Kotsala ndi kupuma kwa pamimba kuja, kutambasula miyendo pa mphasa, ndi kuyenda pabwalo mphindi 5 ngati mutha, kuti magazi asaundane m'miyendo, pakuti matenda a kutupa kwa matumbo akayaka ngozi imeneyi imakula. Imwani Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Ikasowa, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi.

Mawondo ndi msana zikamapweteka, monga zimachitira kwa ena a Crohn ndi colitis, pewani Brufen, diclofenac ndi Indocid, chifukwa amatha kuyatsa zilonda za m'thumbo. Panado ndiye wofatsa. Wa Crohn wosuta fodya asiye, popeza utsi umakulitsa matendawa. Zikazirala, yambiraninso pa theka la mphindi zimene munasiyira. Befu, chizungulire ndi mtima wothamanga pa ntchito yaing'ono ndi zizindikiro za kuchepa kwa magazi, ndipo zimafuna kuyezetsa musanabwerere pabwalo.

Ndikonzeke bwanji tsiku lovina?

Idyani nsima maola 2 kapena 3 gule asanayambe. Tsikulo chepetsani nyemba, kabichi, anyezi ndi zakumwa za gasi, ndipo tiyi wambiri, khofi ndi mowa zimatokosa chikhodzodzo ndi thumbo. Pitani kuchimbudzi musanachoke, mukafika dziwani kumene chili. Tengani chovala cham'kati china, padi, botolo la madzi ndi chitenje chakuda. Musadzimane madzi poopa kudontha: mkodzo wokhuthala ndi umene umavutitsa chikhodzodzo, ndipo dzuwa la mu Okutobala pa bwalo la mganda limaumitsa thupi msanga. Imwani pang'onopang'ono nyimbo ikatha iliyonse.

Ntchito za kumunda ndi za pakhomo sindingazisiye. Ndizichita bwanji?

Lamulo ndi limodzi: finyani kaye, tulutsani mpweya, ndiye nyamulani. Pindani mawondo, katundu akhale pafupi ndi thupi. Ndowa yodzaza musadzitwike nokha, ndipo miyezi yochira tungani malita 10 kawiri m'malo mwa 20 kamodzi. Thumba la makilogalamu 50 ligawidwe kapena lipite pa wilibala kapena pa njinga. Posinja, tulutsani mpweya munsi ukamatsika. Polima, mzere uliwonse ukatha wongokani mupume. Pokhosomola ndi poyetsemula chimodzimodzi, finyani chifuwa chisanaphulike. Wa chiberekero chotsika agone chagada masana mphindi 15, pilo pansi pa matako.

Mchemwali wanga mkodzo umangotuluka usana ndi usiku chibadwire mwana. Mafizo amuthandiza?

Mkodzo kapena chimbudzi chotuluka mosalekeza kudzera m'njira yoberekera, chiyambire uchembere wovuta, kawirikawiri ndi fistula: bowo pakati pa chikhodzodzo kapena thumbo ndi njirayo, lobwera mutu wa mwana ukapanikiza malowo nthawi yaitali. Kufinya sikutseka bowo, ndipo si ufiti kapena chilango. Pamafunika opaleshoni, imene imachitika kwaulere ku Bwaila Fistula Care Centre ku Lilongwe. Apite kuchipatala cha pafupi akamutumize. Mafizo amabwera pambuyo pa kusokedwa, pa nthawi imene adokotala anena.

Chiberekero chimene chatulukira kunja nacho sichibwerera ndi kufinya kokha. Pali kamkombero kofewa koika m'njira yoberekera kuti kachirikize, palinso opaleshoni.

Nanga amene angobereka kumene, kapena achitidwa opaleshoni?

Wobereka bwinobwino angayambe kufinya pang'ono m'masiku oyamba, ululu ukalola ndipo paipi ya mkodzo itachotsedwa. Kuyenda ndi masitepe ofatsa zibwere pang'onopang'ono, gule weniweni pakatha milungu 6, zodumpha pakatha miyezi 3. Wong'ambidwa pamimba asanyamule cholemera kuposa khanda lake kwa milungu 6, ndipo podzuka agubudukire chammbali, adzikankhe ndi manja.

Wotulutsira chimbudzi m'thumba kudzera pa bowo limene madokotala anaboola pamimba akhoza kuvina. Akhuthule thumbalo asanayambe, alichirikize ndi nsalu yomanga mosathina, ndipo miyezi 3 yoyamba apewe zolemera, chifukwa pa bowopo ndi pofooka ndipo matumbo amatha kutukumukirapo. Abambo a opaleshoni ya prostate ayambe kufinya paipi ikachotsedwa.

Kuno ku Kasungu ndiyambire kuti?

Yambirani pa chipatala cha pafupi, kaya ku Santhe, ku Chamama, ku Mtunthama kapena ku Nkhamenya, ndi buku lanu la kuchipatala. Zikafunika adzakutumizani ku chipatala cha boma pa Kasungu, ndipo kumeneko pemphani kuti muonanenso ndi a mafizo. Kuyeza kolowetsa kapaipi ka kamera m'thumbo kumachitikira ku zipatala zazikulu, ndipo a m'chigawo chapakati amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Musanapite, lembani kwa masiku atatu: mwamwa chiyani, mwadya chiyani, mwapita kangati, chimbudzi chinali chotani, ngozi zinachitika mukutani. Pepala limenelo limanena zambiri kuposa mmene pakamwa pamanyazi pangathere.

Musadikire tsiku la sikelo kapena la mafizo ngati chimbudzi chili chakuda ngati phula kapena chili ndi magazi ambiri, ngati mimba yatupa ndipo mukusanza osatulutsa chimbudzi kapena mpweya, ngati pali chithupsa chotentha kotulukira chimbudzi, kapena ngati mukuwonda ndi kutuluka thukuta usiku. Munthu wamkulu amene kachitidwe ka chimbudzi kasintha kwa milungu ingapo ayezedwe, popeza khansa ya m'thumbo imatha kuyamba chonchi. Msana ukapweteka, pakati pa miyendo pachita dzanzi, mkodzo kapena chimbudzi chasiya kumveka, pitani tsiku lomwelo, chifukwa mwina mitsempha ya msana yapanikizika ndipo kuchedwa kumasiya chilema.

Amayi anga akukana kupita, akuti sangavule pamaso pa mwana. Ndiwauze chiyani?

Musawakalipire, ndipo nkhaniyi isakambidwe pamaso pa apongozi kapena adzukulu. Nthawi zambiri amamvera mnzawo wa msinkhu wawo, mlamu, kapena namkungwi amene amamukhulupirira. Auzeni kuti: "Amayi, vutoli lili ndi chithandizo, ndipo ine ndikuperekezani." Ali ndi ufulu wopempha kuonedwa ndi namwino kapena dokotala wamkazi, kulowa ndi wowaperekeza, ndi kukana kuyezedwa kwa m'kati. Kuyezako, akalola, ndi chala chimodzi chovala gulovu kwa mphindi zochepa, ali ofundidwa chitenje chawo, ndipo akati basi, woyezayo amasiya. Akakana, wa mafizo angayambe ndi mafunso ndi pepala la masiku atatu lija, n'kuwaphunzitsa kupuma ndi kufinya atavala zovala zawo zonse.